Kodi chithunzi chopeka chizinena odi?

Pabwalo la milandu, kaya kwa amfumu kaya kukhoti kwa majisitireti, palibe mawu olemera kuposa akuti "ndinaona ndi maso angawa". Munthu akatero bwalo lonse limakhala chete. Wongomva timamuseka, timati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ulemu wonsewu timaupereka kwa maso chifukwa timakhulupirira kuti chimene chili patsogolo pa munthu ndi chomwe chimalowa m'maso mwake, ndiponso kuti anthu awiri akapenya malo amodzi aona chinthu chimodzi. Chikhulupiriro chimenechi ndi chomwe ndikufuna tichigwedeze pang'ono lero, awerengi, poti kunja kuno kuli makina amene ntchito yake ndi kulowa pakati pa diso ndi dziko n'kuikapo zinthu zomwe palibe.

Pachingerezi luso limeneli amalitcha augmented reality, ndipo dzina lake la Chichewa sitinapanganebe. Limachita motere: muloza foni patebulo lopanda kanthu, pagalasi la foniyo muona tebulo lomwelo, koma pamwamba pake pakhala kanyumba kapena chinjoka. Mukasunthira kumanja kanyumbako sikakutsatani ayi, kamatsala pomwepo, inu n'kuyamba kuona khoma lake la mbali inayo. Mukayandikira kamakula. Ena amavala magalasi kumaso m'malo mogwira foni, koma nkhani yake ndi yomweyo.

Ine ndimalemba ndakatulo, tsono sindingayambe ndi kunyoza zinthu zopeka poti ndimadyera momwemo. Munthu amene amaupatsa mwezi pakamwa kuti uyankhule alibe mphamvu yodzudzula mnzake amene waika chinjoka patebulo. Chomwe chikundivuta n'chaching'ono, mwina ena ati n'chachibwana: kodi chinthu chopeka chikamalowa m'maso mwa munthu, chili ndi udindo wonena odi? Kuti funsoli limveke tiyenera kuyamba taona m'mene makinawa amadziwira pamene aima, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kamera ili ngati diso la munthu, imaona zonse kupatula iyo mwini. Koma kuti kompyuta ijambule kanyumba kaja pamalo oyenera, iyenera kudziwa kuti kamerayo ili pati ndipo yapenya kuti. Pamafunika manambala 6. Atatu ndi a malo: kumanzere kapena kumanja, m'mwamba kapena pansi, pafupi kapena patali. Atatu enawo ndi a kapendekedwe, monga umachitira mutu wa munthu povomera, pokana ndi popendekera paphewa. Manambalawa ayenera kupezeka mwatsopano maulendo 30 kapena 60 pa sekondi iliyonse. Apo ayi kanyumba kaja kayamba kutsetsereka patebulo ngati sopo wonyowa, ndipo diso, lomwe silichedwa kugwira wakuba, lizindikira msanga kuti lapusitsidwa.

Mu 1968 Ivan Sutherland, ali pa yunivesite ya Harvard ku America, anapanga magalasi a mtunduwu mothandizana ndi wophunzira wake Bob Sproull. Njira imodzi yodziwira pamene mutu wa wovalayo uli inali kuulumikiza ku mkono wachitsulo wolendewera kudenga, mkonowo n'kumayeza. Zimene munthu ankaona zinali timizere chabe, kabokosi koyandama m'chipinda. Nkhaniyi ndimaikonda chifukwa wonamizidwayo sakanaiwala kuti akunamizidwa. Chitsulo chinali pamutu pake.

Nzeru yochotsera chitsulocho ndi yakale kuposa kompyuta. Msodzi wodziwa nyanja safuna mapu kuti abwerere pamene anapha nsomba dzulo. Amapenya kumtunda, akaona kuti nsonga ya phiri yalunjikana ndi mtengo wakutiwakuti amadziwa kuti wafika. Mu 1617 Willebrord Snellius wa ku Holland analemba m'mene anapezera malo enieni a nyumba yake mumzinda wa Leiden poyeza maonekedwe a nsanja zitatu zodziwika kuchokera panyumbapo. Mu 1841 katswiri wa masamu wa ku Germany, J. A. Grunert, anakonza masamu opezera malo a diso pogwiritsa ntchito madontho atatu odziwika, ndipo masamu a mtundu umenewo akugwirabe ntchito m'makamera mpaka lero. Mfundo yake ndi imodzi. Ngati chinthu ukuchidziwa bwino m'mene chilili, kupotoka kwake m'maso mwako kumakuuza za iweyo. Chitseko cha nyumba yanu n'chowongoka, mukudziwa. Mukachiona chaching'ono ndiye kuti muli patali. Mukaona mbali imodzi yaitali kuposa inzake ndiye kuti mwaima chammbali.

Chimene chinatsala tsono n'kuipatsa kamera chitseko chake. M'zaka za m'ma 1990 Jun Rekimoto wa ku kampani ya Sony ku Japan anayesa tizizindikiro ta timabokosi takuda ndi toyera. Kenaka mu 1999 Hirokazu Kato, mogwirizana ndi Mark Billinghurst wa pa yunivesite ya Washington, anatulutsa pulogalamu yotchedwa ARToolKit, yomwe inafalitsa lusoli kwambiri chifukwa munthu ankatha kuitenga mwaulere. Chida chake chinali choseketsa kuchepa kwake: kapepala kokhala ndi mpanda wakuda bii wa mbali zinayi zofanana, mkati mwake muli kachithunzi kapena mawu. Kamaoneka ngati chidindo cha ku ofesi ya boma, choncho ine ndizikatcha kachidindo. Kotchuka kwambiri kanali ndi mawu akuti Hiro mkati, chidule cha dzina la mwini wakeyo.

Kompyuta ikalandira chithunzi kuchokera ku kamera imayamba yachisandutsa chakuda ndi choyera chokhachokha, n'kufunafuna chilichonse chokhala ndi ngodya zinayi. Ikachipeza imasuzumira mkati kuti ione ngati ndi kachidindo kamene inauzidwa kale, komanso kuti kumutu kwake ndi kuti. Kukula kwake kwenikweni ikukudziwa, tinene masentimita 8 mbali iliyonse. Poona m'mene ngodya zinayizo zapotokera imawerengera manambala 6 aja, n'kujambula kanyumba pamwamba pa kapepalako. Pambuyo pake kunabwera tizidindo tina todalirika kuposa apo, monga ARTag ya Mark Fiala ku Canada mu 2005, AprilTag ya Edwin Olson ku Michigan mu 2011 ndi ArUco ya ku Córdoba ku Spain mu 2014, tomwe mkati mwake muli nambala yobisika m'timabokosi kuti kompyuta isasokoneze kena ndi kanzake. Ngakhale QR code imene tikuiona pamapepala ndi m'masitolo, yomwe Masahiro Hara anaipanga ku kampani ya Denso mu 1994, ili ndi mabokosi atatu m'ngodya pa chifukwa chofananacho, kuti makina aipeze msanga ndi kudziwa m'mene yapendekera.

Apa ndi pamene ndimaima kaye n'kuseka ndekha. Tinakula tikuuzidwa kuti bodza ndi choona sizigona nyumba imodzi. Koma makinawa akusonyeza kuti bodza lofuna kukhazikika limayamba lagwira ntchito ya choona, ndipo limaigwira mwakhama kuposa anthu ambiri oona mtima. Limayeza tebulo mpaka pa milimita. Likangolakwa pang'ono pa zoona limagwedezeka n'kudziulula lokha. Olemba nkhani zopeka amazidziwa zimenezi, andale nawonso, tambwali wa pa depoti ya mabasi nayenso. Ukafuna kuti munthu akhulupirire chinthu chimodzi chonama, uyambe wamuuza zoona zingapo: dzina la mudzi wake, la mfumu yake, la mtsinje umene amawoloka popita kuchigayo. Kotero kulondola pakokha si umboni wa mtima wabwino. Munthu akamakudziwa bwino kwambiri, funso loti akukudziwiranji likadalipo.

Sindikunena kuti lusoli linabadwira chinyengo. Dzina lakelo linachokera ku fakitale ya ndege ya Boeing, komwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Tom Caudell ndi David Mizell ankafuna kupeputsa ntchito ya amisiri omanga mitolo ya mawaya. Ndege imodzi imadya mawaya ochuluka zedi, ndipo mmisiri ankawayala pa chithabwa chachikulu motsatira chojambula. Maganizo awo anali oti mmisiriyo avale magalasi omusonyeza pathabwa pomwepo njira ya waya aliyense. Lero madokotala ochita opaleshoni ya ubongo ndi msana amamangirira timipira tonyezimira pa wodwala ndi pa zida zawo kuti makamera adziwe pamene chida chafika, mkati momwe diso silingaone. Amene angatsutse zimenezi ndiye kuti sanadwazikepo. Pamenepa chithunzi choonjezeracho chikunena zoona zomwe khungu labisa, ndipo dokotala akudziwa amene wachiika, chifukwa chake, ndi pozimitsira.

Tibwerere ku kachidindo. Agogo akafuna kuyamba nthano amati padangokhala, ana n'kuyankha kuti tili tonse. Mawu amenewa ndi pangano. Kuyambira pamenepo kalulu akhoza kuyankhula, fisi akhoza kukafunsira mbeta, ndipo palibe wonamizidwa chifukwa aliyense wavomera yekha kulowamo. Kachidindo kakuda kaja kankagwira ntchito yomweyo. Kanali kosakongola ndi kosabisika. Munthu akakaona patebulo ankadziwa kuti apa pabwera zinthu zomwe palibe, ndipo malire ake ndi awa. Kampani ya Nintendo itatulutsa kachipangizo ka masewera kotchedwa 3DS mu 2011, m'bokosi munali makadi 6 a mtunduwu. Mwana ankayenera kutulutsa khadi ndi dzanja lake, kuliika patebulo, chinjoka n'kutulukira pamenepo. Akatopa ankabweza khadi m'thumba, tebulo n'kukhalanso tebulo. Koposa apo, pa ARToolKit ukangophimba ngodya imodzi ndi chala, kompyuta sinkaonanso mbali zinayi ndipo chithunzicho chinkazimirira nthawi yomweyo. Akatswiri ankati limeneli ndi vuto lofunika kulithetsa. Ine chala chimenecho ndimachiona ngati mphamvu yaikulu imene woonera anakhalapo nayo. Ndi nthano zingati m'moyo uno, za pa wailesi kapena za pa msonkhano, zomwe munthu wamba angaziletse ndi chala chimodzi?

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Ati kachidindo sikanapangidwe kuti kachenjeze munthu, kanapangidwa chifukwa makompyuta a nthawi imeneyo anali ofooka, sakanatha kuzindikira tebulo wamba. Kanali ndodo yoyendera basi. Kodi ulemu wobwera chifukwa chosowa mphamvu ndi ulemu? Komanso si tizidindo tonse timene tinkaonekera kwa woonera. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a BBC anakonza njira yotchedwa free-d. Kudenga la situdiyo anamatako tizizindikiro tozungulira tambirimbiri, kalikonse ndi nambala yake, ndipo pa kamera yaikulu anaikapo kakamera kena kopenya m'mwamba. Muulutsi ankaima m'chipinda chopanda kanthu chopakidwa utoto umodzi, pamene woonera kunyumba ankaona chinyumba chokongola cha makoma ndi masitepe. Tizidindo tinalipo ndithu, koma kudenga, komwe woonera sakuonako. Nanga odi wanuyo ali kuti pamenepa?

Mfundoyi ndikuilandira theka. N'zoona cholinga sichinali ulemu. Koma mlendo amene amaodira chifukwa chitseko n'chokhoma, ndi mnzake amene amaodira chifukwa analeredwa bwino, onse awiri apatsa mwini nyumba mpata wovala malaya, ndipo mwini nyumbayo safunsa chifukwa. Chimene denga la BBC likundiphunzitsa n'chakuti m'kapepala ka Kato munali zizindikiro ziwiri. China chinali cha makina, chonena kuti waima apa. China chinali cha munthu, chonena kuti apa pali zoonjezera, tsegula maso. Ziwirizi zinangoyendera limodzi mwangozi, palibe anazimanga dala. Ndiye akatswiri atapeza njira yotaya choyambacho anataya ndi chachiwiri chomwe, osazindikira kuti chinali m'thumba lomwelo. Sindikuwaimba mlandu, ntchito imene anapatsidwa inali ya masamu. Koma chotayikacho chatayika, ndipo pafunika wina achinene.

Njirayo inapezekadi. Mu 2007 Georg Klein ndi David Murray a ku Oxford anasonyeza kuti kamera ya m'manja ikhoza kudzipezera malo popanda kachidindo, pongogwiritsa ntchito zimene yapeza: ngodya ya buku, mng'alu wa pakhoma, maluwa a pa nsalu ya patebulo. Imasankha madontho ambirimbiri otere n'kumaona m'mene akusunthira iyo ikamayenda, uku ikujambula mapu a chipindacho. Apple inaika luso la mtunduwu m'mafoni ake mu 2017, Google n'kutsatira mu 2018. Kachidindo sikanafe, kakadali pantchito m'mafakitale ndi pa maloboti, koma m'foni ya munthu wamba sikakufunikanso kwenikweni. Anthu amati tizidindo tatha. Ine ndikuti tachuluka, chifukwa tsopano chilichonse ndi kachidindo. Chipinda chanu chogona ndi kachidindo. Nkhope yanu nayo, poti maso awiri, mphuno ndi milomo ndi madontho odziwika bwino ngati ngodya za kapepala kaja. N'chifukwa chake foni imatha kukuvekani makutu a galu, kapena kukuyeretsani khungu ndi kukuchepetsani mphuno inu mukuyankhula. Za makutu a galu palibe amanamizidwa, ndi nthano yokhala ndi padangokhala wake. Za khungu ndi mphuno ndi nkhani ina, chifukwa zinapangidwa kuti zisaoneke kuti zapangidwa, ndipo woyamba kunamizidwa ndi mwini nkhope, amene mawa lake ayenera kukumana ndi kalilole.

Chitsanzo chimene chimatikhudza ife kuno ndi cha mpira. Ambiri timaonera magemu a ku Ulaya pa TV, kaya kunyumba kaya m'mavidiyo sho a m'matauni. M'maligi ena akuluakulu zikwangwani zotsatsa malonda zimene woonera pa TV akuona m'mbali mwa bwalo si zimene zili m'bwalomo. Kompyuta imatsata kamera n'kumata malonda ena pamwamba pa chikwangwani chenicheni, ndipo wosewera akamadutsa kutsogolo amachiphimba bwinobwino ngati chilipodi. Woonera wa ku Asia aona malonda ena, wa ku America ena, amene wagula tikiti n'kukhala m'bwalomo aona enanso. Wina ati nanga vuto lili pati, chigoli n'chomwecho. Inde, chigoli n'chomwecho. Koma taonani chimene chathyoka mwakachetechete. Anthu awiri apenya malo amodzi nthawi imodzi, aliyense akulumbira kuti waona ndi maso ake, palibe akunama, koma maumboni awo sakugwirizana. Amfumu aweruza bwanji mlandu wotere? Mzere umene amajambula pa TV posonyeza ofusayidi sundivuta ine. Umaoneka kuti ndi wojambula, umabwera n'kuchoka, wolengeza mpira amaunena pakamwa. Chikwangwani chija n'chosiyana, chifukwa mukangochizindikira ndiye kuti amene anachikonza walephera ntchito. Pamenepo ndi pomwe ine ndikudula malire: chopeka chimene chimakhalabe ndi ntchito munthu atachizindikira, ndi chopeka chimene moyo wake wonse wadalira kusazindikiridwa.

Pali chinanso chimene kachidindo kamaphunzitsa, chowawirako. Kamera sidziwa malo ake m'dziko, imadziwa malo ake poyerekeza ndi kachidindo basi. Wina akasuntha kapepalako kamera ili chiimire, masamu amatuluka chimodzimodzi ngati kamerayo ndiyo yasuntha, ndipo poyang'ana ngodya zinayi zokhazo palibe njira yosiyanitsira ziwirizi. Amene anakhalapo pa mlandu wa malo akudziwa chimene ndikunena. Munthu akazula bikoni usiku n'kuisunthira mayadi awiri, woyeza malo wobwera m'mawa akhoza kukhala woona mtima, zida zake zabwino, masamu ake osalakwa, koma munda wa mayi wamasiye uchepa ndithu. Ndiponso kachidindo kamodzi kakakhala patali n'kumaoneka kakang'ono, masamu amatha kupereka mayankho awiri, kuti kapendekera uku kapena uko, chithunzi n'kumadumphadumpha pakati pa awiriwo. Mankhwala ake ndi kuika tizidindo tambiri motalikirana kuti kena kakanama tinzake tikatsutse. N'chifukwa chake denga la BBC linali lodzaza. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo zikuoneka kuti chizindikiro chimodzi nacho sichisenza situdiyo. Dziko lathu linakhala zaka pafupifupi 30 ndi chipani chimodzi, wailesi imodzi ndi chithunzi chimodzi pakhoma la sitolo ndi ofesi, kotero sindikuona chifukwa chotambasulira mfundoyi kwa inu.

Nanga lero bikoni ili m'manja mwa yani? Kachidindo ka Kato munkakasindikiza nokha, kukayeza ndi rula, kukamata pamene mwafuna. Tsopano pali njira zimene foni imapezera malo ake mumzinda poyerekeza zimene kamera ikuona ndi zithunzi za misewu zomwe kampani inasonkhanitsa kale, monga imachitira Google ndi zithunzi zake za Street View. Zimathandiza, mlendo sasochera, muvi umaoneka pamsewu weniweni kumuloza kokhotera. Koma mapuwo ali m'makompyuta a kampani, kutali, ndipo chala chanu sichifikako. Mu 2017 kampani ya Snapchat inaika chithunzi cha chiboliboli cha galu cha Jeff Koons mu Central Park ku New York, chooneka pa foni pokha. Mmisiri wina, Sebastian Errazuriz, anapanga galu wake wofanana naye, n'kumulembalemba thupi lonse ngati khoma la pa siteji, n'kumuika pamalo omwewo kudzera m'pulogalamu ina. Kuononga chinthu chimene palibe! N'zoseketsa, koma funso lake linali lakupsa: pakiyo ndi ya anthu onse, nanga mpweya wa pamwamba pake anaupereka kwa kampani ndani, ndipo kampaniyo inalipira zingati?

Chopempha changa si chachikulu. Amene akuonjezera chinthu m'maso mwa mnzake abwezeretse chizindikiro cha munthu chija, chimene chinatayika pamodzi ndi cha makina, ndipo asiye pozimitsira pamene dzanja lingafike. Maiko a European Union mu 2024 anakhazikitsa lamulo la nzeru za makina lomwe, mwa zina, likuti zithunzi ndi makanema opeka ofanana ndi enieni azilembedwa kuti ndi opeka. Ndi chiyambi, ngakhale ndikudziwa mathero a zolembedwa zotere. Mawu ochenjeza a pa paketi ya fodya osuta anasiya kalekale kuwawerenga, ndipo odi wonenedwa ka 100 patsiku amasanduka phokoso. Mphamvu ya padangokhala sinali pa agogo okha, inali pa yankho la ana. Nthano sinkapitirira iwo asanati tili tonse. Chenjezo limene silidikira yankho ndi theka la pangano.

Ndipo ngakhale wogwira foni atayankha, pali munthu wachitatu amene sanafunsidwe konse, yemwe alibe foni m'manja koma malowo ndi ake. Kwathu kuno pakagwa maliro timaika masamba pamsewu. Ndi chizindikiro chosavuta, aliyense amachiona, ndipo chimasintha khalidwe: wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika, woimba mluzu amaleka. Masamba amenewo amanena kuti malo ano lero ali ndi tanthauzo limene iwe wodutsa sunabwere nalo. Mu 2016 kunatuluka masewera a pa foni otchedwa Pokémon Go, a kampani ya Niantic ya ku San Francisco. Sankadalira tizidindo, ankapeza malo pogwiritsa ntchito GPS, n'kuonetsa tizilombo toseketsa pamwamba pa zimene kamera ikuona kuti anthu azitisaka. Tizilomboto tinayamba kuoneka paliponse, kuphatikizapo ku nyumba yokumbukira Ayuda ophedwa ndi a Nazi ku Washington, ku Auschwitz ku Poland, ndi ku paki yokumbukira anthu ophedwa ndi bomba la atomiki ku Hiroshima. Palibe mwala umene unasunthidwa, palibe khoma limene linalembedwa. Wamalamulo akanafunsa kuti chaonongeka n'chiyani sakanapatsidwa chogwirika. Komabe anthu ankayenda pamalo a misozi maso ali pafoni, akusaka tizilombo, ndipo makina amene anawatumawo ankadziwa malowo pa mapu molondola ndithu, kungoti masamba a pamsewu sankawaona.

Oyang'anira malowa anadandaula poyera, ndipo ku Washington ndi ku Hiroshima kampaniyo inachotsa tizilomboto patangopita milungu ingapo. Tiiyamikire pa chimenecho. Koma taonani amene anayenda ulendo. Woika zinthu sanaodire. Ofedwa ndiwo anachita kulemba kalata kupempha kuti mlendo atuluke pamanda. Anamveka chifukwa ndi malo otchuka, ali ndi maofesi, aneneri awo ndi atolankhani owamvera. Manda a kumudzi kwathu alibe ofesi. Ali ndi mitengo yosadulidwa, adzukulu ndi amfumu, ndipo pa mapu a kampani iliyonse amangooneka ngati kathengo kabwino kobisamo chinjoka.